Kodi masetilaiti a zanyengo aja angatiuze ngati mvula ya ku Zomba kuno yasinthadi?

Aphunzitsi_Jali:

Moni nonse muno. Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kumbali ya Jali kuno, nde pali funso lomwe ana amandifunsa chaka chilichonse tikafika pa mutu wa kusintha kwa nyengo ndipo ndikufuna ndiziwayankha zogwira mtima osati zongolakatula za m'buku. Ana ambiri makolo awo ndi alimi, ena ndi asodzi a ku Chilwa, ndipo kunyumba amamva tsiku ndi tsiku zoti kale mvula yobzalira inkabwera Novembala asanapite patali koma pano ena amafika Khirisimasi akubzala kachiwiri mbewu itapsera m'nthaka. Nde mwana amaimika mkono nkufunsa kuti sala, umboni wake uli kuti, kapena ndi zongokumbukira za agogo basi?

Ndamva kuti zithunzi za mitambo zomwe a zanyengo amaonetsa pa TV zija zimachokera ku setilaiti yomwe imakhala malo amodzi kumwambako osasuntha. Zimatheka bwanji kuti chinthu chikhale m'malere osagwa, osasunthanso? Koma chenicheni chandibweretsa ndi ichi, ngati yakhala ikutiyang'ana zaka zonsezi, kodi singatiuze kuti mvula ya Zomba yasintha kapena ayi? Kapena ntchito yake ndi yongolosera za mawa basi? Odziwa tithandizeni chonde.

Che_Matawale:

Aphunzitsi zikomo, funso limeneli ndi lomwe ndimagwira nalo ntchito nde mundilole nditalikitse pang'ono.

Setilaitiyo sikuti yaima ayi, ikuthamanga zedi, makilomita 3 pa sekondi imodzi. Chinsinsi chili pa mtunda. Anaiika makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, mzere uja wogawa dziko pakati, ndipo pa mtunda umenewo nthawi yomwe imatenga kuzungulira dziko kamodzi ndi yofanana ndendende ndi yomwe dziko limatenga kutembenuka kamodzi, nde inu muli pansi mumaiona ngati ili pamodzimodzi. Kugwa ikugwa ndithu poti dziko likuikoka, koma liwiro lija limapangitsa kuti izingogwa mozungulira osafika pansi. Anawo muwatulutse panja muwalozere dishi ya TV pa denga lililonse, imakhomedwa kamodzi kuloza mbali imodzi basi ndipo palibe amene amakwera kukaitembenuza usiku, chifukwa setilaiti ya TV nayo ili mu mzere womwewo.

Yomwe imayang'ana ife kuno ku Africa ndi Meteosat, ya bungwe la mayiko a ku Ulaya lotchedwa EUMETSAT, likulu lake lili ku Darmstadt ku Germany. Yoyamba inakwera mu 1977 ndipo ikakalamba amatumiza ina kukalowa m'malo. Yaikulu imakhala pamwamba pa nyanja ya Atlantic kummwera kwa Ghana, ina anaisunthira chakummawa kuti iziyang'ana nyanja ya Indian Ocean komwe anamondwe athu amachokera. Aku America ali ndi zawo za GOES, aku Japan Himawari, China ndi India nawonso ali nazo, zonse pamodzi zimazinga dziko. Zoyambirira zija zinkajambula pa mphindi 30 zilizonse, m'badwo wachiwiri womwe unayamba kukwera mu 2002 pa mphindi 15, ndipo yatsopano yomwe inakwera mu Disembala 2022 ikujambula pa mphindi 10 komanso ili ndi kamera yowerenga ziphaliwali.

Tsopano pa funso lanu lenileni. Anthu omwe anapanga masetilaitiwa cholinga chawo chinali kulosera za mawa, zoona, koma zithunzi zija sizinkatayidwa, nde lero tili ndi mulu wa zithunzi wa zaka zoposa 40, malo omwewo, usana ndi usiku. A bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO amati kuti unene za nyengo yokhazikika ya dera umafunika zaka 30, nde mukuona kuti tinadutsa kale pamenepo. Ubwino wa yokhala pamodziyi ndi woti siphonya ola. Mvula yathu ya mabingu imayamba kukwera cha m'ma 1 koloko masana, pofika 4 koloko yagwa yatha, setilaiti yodutsa kamodzi kapena kawiri pa tsiku ikhoza kubwera kumwamba kuli mbee nkulemba kuti kunalibe kanthu.

Koma apa mumvetsetse, setilaitiyo siiona mvula. Imaona pamwamba pa mtambo nkuyeza kuzizira kwake. Mtambo wa mabingu umakwera kutali kwambiri mpaka nsonga yake imazizira kufika madigiri 40 kapena 60 pansi pa ziro, nde akatswiri amawerenga kuti mtambo wozizira chonchi wakhala maola angati pamwamba pa dera lakuti, kenako nkufananiza ndi zomwe mageji, zoyezera mvula za pansi pano, anayeza, nkupeza kuti maola akutiakuti amapereka mamilimita angati. Umu ndi mmene a University of Reading ku England amapangira TAMSAT, yomwe ili ndi mvula ya Africa yense kuyambira 1983, ndipo pali inanso ya ku California yotchedwa CHIRPS yoyambira 1981. Zonse ziwiri ndi zaulere pa intaneti, chofunika ndi bandulo ndi munthu wodziwa kutsegula mafailo ake, mukhoza kutulutsa mzere wa manambala a mvula ya Jali weniweniyo.

Chitsanzo chomwe ine chimandigwira mtima ndi cha ku Sahel, kuja kwa Mali ndi Niger. Mu 2017 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Christopher Taylor linatenga zithunzi za Meteosat za zaka 35 nkuwerenga mitambo ikuluikulu ya mkuntho, anapeza kuti mikuntho yoopsa kwambiri inachuluka katatu kuchokera mu 1982, ndipo anaona kuti zikugwirizana ndi kutentha komwe kukuwonjezeka mu chipululu cha Sahara. Dera limenelo mageji ndi ochepa zedi, popanda setilaiti palibe akanaziona. Nde yankho ndi loti eya, imathandiza pa za kusintha kwa nyengo, osati za mawa zokha.

NaChisale_Kachulu:

Ine zasayansi zambirizo ayi koma ndimagula matemba pa Kachulu kukagulitsa mu tauni, amayi anganso inali geni yawo yomweyi. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, inadzaphwanso kwambiri mu 2012, kenako 2018 anthu ankayenda pansi kupita ku Chisi mabwato atangokhala pa matope osweka. Akuluakulu amanenanso za 1968. Nde ena amati nyanjayi ndi khalidwe lake kuuma nkubwerera, ena amati ayi pano ikuuma pafupipafupi, ndipo ikatha kuuma kumabweranso madzi osefukira ngati a Freddy aja omwe anamiza minda ya mpunga ndi nyumba za m'mbali mwa nyanja.

Achimwene a ku Matawale, setilaiti yanuyo imaiona nyanjayi? Ingathe kutiuza kuti chaka chino madzi athawa? Chifukwa ife timatenga ngongole ku banki mkhonde kudalira nsomba, nyanja ikaphwa ngongole ija siyiphwa nawo. Komanso ine ndimaona kuti nkhani si mvula yokha, Likangala ndi Domasi masiku ano amabwera ndi dothi lofiira lokhalokha chifukwa mitengo kumtunda inatha, dothi lonselo likukathera mnyanja.

Mlangizi_Thondwe:

Ndawerenga zonse ndipo sindikutsutsa, koma aphunzitsi musawauze ana kuti setilaiti ndi mapeto a zonse. Ine ntchito yanga ndi ya ulangizi wa mbewu ndipo mmawa uliwonse 8 koloko ndimatsegula geji, kuthira madzi aja mu kagalasi koyezera, kugwada kuti diso lifanane ndi mzere wa madzi, nkulemba m'kaundula. Nthawi zina mumapezeka chule kapena masamba, nthawi zina ana athiramo madzi posewera, zonsezo umayenera kuzizindikira. Ndikamafananiza kaundula wanga ndi manambala a setilaiti, pa mwezi wathunthu zimayandikana ndithu, koma tsiku ndi tsiku zimasiyana, ndipo pali mvula ina yomwe setilaiti imaiphonya kwambiri.

Chiperoni. Aliyense wa ku Zomba, Mulanje, Thyolo akuchidziwa, kamvula kowaza kobwera ndi mphepo ya kummwera chakummawa miyezi ya Juni ndi Julaye, phiri lonse osaoneka masiku angapo. Mitambo ya chiperoni ndi yapansi, nsonga yake siizizira ngati ya mabingu, nde njira ija ya kuwerenga mitambo yozizira imangoti kulibe mvula pamene zovala pa chingwe sizikuuma ndipo nandolo ndi mbatata zikumwa bwinobwino. Chimodzimodzi mvula yomwe imagwa mphepo ikagunda phiri nkukwera. Pamwamba pa phiri la Zomba pamagwa mvula yambiri kuposa ku chigwa cha Chilwa pamene mtunda wake ndi waufupi, ndipo kabokosi kamodzi ka pa chithunzi cha setilaiti nkotakata makilomita 3 kapena kuposa, kamaphatikiza munda wa kumtunda ndi wa kumunsi nkupereka nambala imodzi.

Izi sizongokambirana pa gulu, zimakhudza ndalama. Mukumbukire chilala cha 2015/16. Boma linali litagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, yomwe imagwiritsa ntchito mvula yoyezedwa ndi setilaiti kuphatikiza ndi mawerengedwe a mmene chimanga chimamwera madzi. Poyamba kompyuta inaonetsa kuti anthu okhudzidwa ndi ochepa, ndalama sizinatuluke, pamene anthu oposa 6 miliyoni ankafunika chakudya. Atafufuza anapeza kuti mu mawerengedwe aja anaikamo mtundu wa chimanga wokhalitsa m'munda pamene alimi ambiri anabzala chocha msanga, chomwe ng'amba ija inachipeza pa nthawi yoipa. Atakonza ndi pomwe anapereka madola 8.1 miliyoni, koma mochedwa, mu 2017. Apa setilaiti sinaname, vuto linali loti za pansi pano sizinalowe bwino. Ndi chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti mageji achuluke ndipo owerenga azilemba mokhulupirika, osati kudzaza kaundula wa sabata yonse Lachisanu.

Che_Matawale:

A Mlangizi mwanena zoona zokhazokha, ndipo anthu a TAMSAT ndi CHIRPS nawonso amavomereza kuti kumapiri ndi kugombe la nyanja manambala awo amachepa. Popanda kaundula ngati wanuyo setilaiti ilibe poyezera. Mu 2022 gulu la World Weather Attribution litafufuza mvula ya anamondwe Ana ndi Batsirai linati kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvulayo ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi, koma linadandaula kuti silingathe kunena kuti ndi mochuluka bwanji chifukwa masiteshoni a pansi okhala ndi kaundula wautali ndi ochepa. Zimandipweteka zimenezi, ife ndi amene tikukokoloka koma umboni wathu ndi woperewera.

Achemwali a ku Kachulu, Meteosat nyanja ya Chilwa imaiona koma ili kutali kwambiri moti singakuuzeni kuti gombe lasuntha mamita angati. Ntchito imeneyo ndi ya masetilaiti ena oyenda mmunsi, makilomita 700 kapena 800, omwe amadutsa kumpoto ndi kummwera kwa dziko. Landsat ya ku America inayamba mu 1972, imaona kabokosi ka mamita 30 ndipo imabwerera malo omwewo pa masiku 16, Sentinel-2 ya ku Ulaya imaona mamita 10. Ndi zimenezo mukhoza kuika chithunzi cha 1995 pambali pa cha 2018 nkuona madzi ndi mabango mmene zasinthira, ngakhalenso mitengo ya m'phiri yomwe mukunenayo. Komwe Meteosat imathandiza ndi kuwerenga mvula yomwe yagwa kumtunda konse komwe Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi Sombani amatunga madzi, komanso dzuwa ndi kutentha kwa nthaka, poti Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, madzi ake amathera mu nthunzi. Mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana ndi pomwe nyanja imathawa, nde chenjezo likhoza kubwera miyezi ingapo zisanachitike ngati wina akutsatira manambalawo nkukuuzani pa wailesi m'Chichewa. Zoti ikuuma pafupipafupi chifukwa cha kutentha kwa dziko kapena dothi kapena ulimi wothirira womwe ukupatutsa madzi m'mitsinje, chithunzi pachokha sichigamula, ndipo ine ndimaona kuti zonsezo zikuthandizana.

Pali vuto lina lomwe aphunzitsi ndi bwino mulidziwe chifukwa mwana wochenjera adzakufunsani. Zaka 40 zija si setilaiti imodzi, ndi zambiri zolandizana, ndipo kamera ya 1983 si yofanana ndi ya lero. Zoyamba zinkaona mitundu itatu ya kuwala, za m'badwo wachiwiri 12, yatsopanoyi 16. Kamera ikamakalamba kumwambako imayambanso kuona mofooka. Kusintha kwa nyengo komwe tikusaka ndi kochepa, kagawo ka digiri pa zaka khumi, nde ukapanda kusamala ukhoza kunena kuti mitambo yasintha pamene yasintha ndi kamera. Nchifukwa chake kuyambira 2005 mabungwe a masetilaiti ali ndi mgwirizano wotchedwa GSICS, amatenga chipangizo chimodzi chodalirika kwambiri chomwe chili pa setilaiti yoyenda mmunsi, chikamadutsa pansi pa Meteosat onse awiri amayang'ana malo amodzi nthawi imodzi nkufananiza, kenako zithunzi zakale zonse amaziwerengeranso. Ntchito yotopetsa koma ndi imene imasandutsa zithunzi za nyengo ya mawa kukhala umboni.

Komanso kumalekezero a dziko kumpoto ndi kummwera siiona bwino poti ili pa ikweta, nde nkhani za kusungunuka kwa madzi oundana zimachokera ku masetilaiti ena. Mpweya wa kaboni nawo umboni wake wautali ndi wa pansi, pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii akhala akuyeza kuyambira 1958.

Mdzukulu_wa_Chinamwali:

Ine ndingoikapo za Freddy poti ndinkamutsatira pa foni. Namondwe ameneyu anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka Indian Ocean yonse, anamenya Madagascar, analowa Mozambique, nkubwereranso mnyanja kukatenga mphamvu, kenako pa 11 Malichi analowanso cha ku Quelimane nkubwera kwathu. A WMO anadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chonchi. Nde funso nkumati anadziwa bwanji masiku 36 pakati pa nyanja pomwe palibe munthu? Ndi masetilaiti omwewa, Himawari anamuona akubadwa, Meteosat anamulandira. Ndipo akamati palibe wina anakhalitsa chonchi akutanthauza kuyambira pomwe masetilaiti anayamba kuyang'ana, za kale kwambiri anamondwe ambiri ankatha osawerengedwa.

Chomwe chimandiwawa ndi choti chenjezo linalipo, a zanyengo ku Blantyre analengeza masiku angapo zisanachitike, ine ndinatumiza mu magulu onse a WhatsApp a kumudzi. Koma munthu wa ku Chilobwe pansi pa Soche kapena ku Phalombe ukamuuza kuti samuka, apite kuti, katundu asiyire ndani? Anthu mazanamazana anapita, ena mpaka lero sanapezeke. Idai 2019, Ana ndi Gombe 2022, Freddy 2023, kenako chilala cha El Niño mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Aphunzitsi anawo azidziwa kuwerenga chithunzi cha setilaiti okha, aziona diso la namondwe ndi komwe akulowera, adzakhala iwo ouza makolo awo.

Aphunzitsi_Jali:

Zikomo kwambiri nonse, ndapeza zambiri zoti ndikaphunzitse. Che Matawale ngati nkotheka munditulutsire mzere wa mvula ya Jali kuyambira 1983, makamaka tsiku lomwe mvula yobzalira inayamba chaka chilichonse ndi masiku a ng'amba mu Januwale ndi Febuluwale, ndikufuna ana akajambule girafu okha kenako akafunse agogo awo zaka zomwe amakumbukira kuti kunali njala, tidzaone ngati zikukumana. A Mlangizi, ndalankhula ndi a hedi ndipo avomera kuti kalabu ya zachilengedwe ikhale ndi geji pa sukulu. Tiyiike potani, ndipo tingayambe ndi chiyani poti ndalama ya geji yeniyeni palibe pakali pano?

Mlangizi_Thondwe:

Aphunzitsi muyiike pa bwalo poyera, kutali ndi mtengo kapena denga, mtunda wake ukhale kawiri kutalika kwa chinthu chomwe chili pafupi, ngati mtengo wa mango ndi wa mamita 5 geji ikhale mamita 10 kapena kuposa. Kukamwa kwake kukhale masentimita 30 kuchokera pansi ndipo kukhale kowongoka osapendekeka, muzingepo kampanda kafupi chifukwa cha mbuzi. Poyambira chitini chilichonse chowongoka mbali zake, chofanana kukamwa ndi pansi pomwe, chimagwira ntchito, mumangoviika rula nkuwerenga mamilimita, milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Muziwerenga 8 koloko mmawa tsiku lililonse ngakhale Loweruka ndi Lamulungu, nambalayo muzilemba pa tsiku la dzulo lake, ndipo tsiku lomwe sikunagwe muzilemba 0 osasiya mpata, chifukwa mpata umatanthauza kuti simunayeze. Holide ya Disembala ndi yomwe imaononga makaundula a m'sukulu, nde musankhiretu ana awiri okhala pafupi kapena alonda. Mukayamba mukadziwitse a ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu kuti manambala anu azipita limodzi ndi athu, nthawi zina amakhala ndi mageji apulasitiki ogawa.